Penshoni ndi Chithandizo cha Kuchipatala kwa Ogwira Ntchito M'boma: Zomwe Zinasintha ndi Zofunika Kulondola

Pasukulu zambiri za boma m'Malawi muno pali aphunzitsi a magulu awiri, ngakhale onse amagwira choko chimodzimodzi ndipo amadikira malipiro tsiku limodzi. Kusiyana kwawo kumaonekera pa payslip. Wina akayang'ana pepala lake amapezapo mzere wosonyeza kuti amudula ndalama ya penshoni. Mnzake, amene anayamba ntchito kalekale, mzere umenewo saupeza. Onse awiri adzapuma, onse awiri akuyembekezera kudzalandira kanthu, koma ndalama zawo zidzachokera kosiyana ndipo zikuyendera malamulo osiyana.

N'chimodzimodzinso kwa anamwino, alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi makalaliki a kuofesi ya DC. Malire ake anaikidwa pa 1 July 2017. Amene patsikuli anali ndi zaka 35 kapena zocheperapo, pamodzi ndi onse olembedwa ntchito pambuyo pake, analowa m'dongosolo latsopano losonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Amene anali atapitirira zaka 35 anatsala m'dongosolo lakale.

Kusintha kumeneku kunasandutsa penshoni ya achinyamata kuchoka pa lonjezo la boma n'kukhala ndalama ya mwiniwake, yolembedwa pa dzina lake. Ndalama yotere imafuna mwini woiyang'anira kuyambira pa malipiro oyamba, osati kuyamba kuifunsa tsitsi litachita imvi.

Dongosolo lakale

M'dongosolo lakale wantchito sasonkha kanthu. Amagwira ntchito mpaka kufika zaka 60, zomwe ndi zaka zopumira m'boma, kenako boma limamupatsa ndalama ya nthawi imodzi yotchedwa gratuity, n'kumamulipira penshoni mwezi uliwonse mpaka tsiku lomwalira. Kuchuluka kwake kumatengera zinthu ziwiri: malipiro amene munthu ankalandira popuma ndi zaka zimene wagwira ntchito.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Munthu angathe kuwerengeratu zomwe adzalandire, ndipo ngakhale atakhala ndi moyo mpaka zaka 90, penshoni yake siitha.

Vuto lili pa komwe ndalamazo zimachokera. Palibe thumba limene zinasungidwa. Boma limazitenga m'bajeti ya chaka chomwecho, kuchokera ku misonkho yomwe ikufunikanso kugula mankhwala, kulipira aphunzitsi amene akadali pantchito, kukonza misewu ndi kubweza ngongole. Chaka chikavuta, opuma pantchito amaima pamzere pamodzi ndi zofunika zina zonsezi. N'chifukwa chake nkhani ya kuchedwa kwa gratuity si yachilendo m'dziko muno. Anthu opuma akhala akudikira miyezi yambiri, ena zaka, akuyenda maulendo a ku Capital Hill ndi ndalama yobwereka kukafunsa komwe fayilo yawo yafika. Ena amalowa katapila podalira ndalama imene sakudziwa tsiku lake, ndipo ikamadzafika imangodutsira m'manja kupita kwa angongole.

Kuchedwako kumakulitsa bala lina. Mu May 2022 kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene gratuity yake inawerengedwa kugwaku kusanachitike n'kudzailandira pambuyo pake, anapatsidwa ndalama yofanana papepala, koma malata, simenti ndi feteleza zimene akanagula nayo zinali zitachepa kwambiri.

Amene ali m'gulu limeneli ufulu wawo sunathe. Lonjezo la boma likadalipo ndipo ayenera kulipidwa. Chimene chimawateteza kwambiri ndi mapepala: kalata yolembedwera ntchito, kalata yowatsimikiza pantchito, makalata onse okwezedwera paudindo ndi osamutsidwira, ndi chiphaso cha unzika chokhala ndi tsiku lobadwa lofanana ndi la m'fayilo. Mafayilo ambiri amaima chifukwa cha pepala limodzi losowa kapena chaka chobadwa chosiyana. Wanzeru amapita kwa a Human Resource zaka ziwiri kapena zitatu asanapume, n'kuona ndi maso ake kuti fayilo yake ndi yathunthu, komanso amasunga makope kunyumba.

Lamulo la 2011 ndi thumba la 2017

Maziko a dongosolo latsopano ndi lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito pa 1 June 2011. Lamuloli linakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni, ndipo linaika mlingo wochepetsetsa: wolemba ntchito asonkhe 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo asonkhe 5 peresenti. Linaperekanso udindo woyang'anira mathumba onse a penshoni kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa banki yaikulu ya Reserve.

Makampani anayamba kutsatira, ambiri kudzera ku Old Mutual, NICO ndi ena otero. Boma, ngakhale ndilo limalemba anthu ambiri ntchito, linatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuti lilowetse antchito ake. Mu 2017 ndi pamene linakhazikitsa thumba la Public Service Pension Trust Fund, limene ambiri amangolitchula kuti PSPTF.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, namwino amene malipiro ake owerengera penshoni ndi K300,000 pamwezi amadulidwa K15,000. Boma liyenera kuwonjezerapo K30,000. Pamodzi ndi K45,000 mwezi uliwonse, kapena K540,000 pachaka. Thumba limatenga ndalamazo n'kuzigwiritsa ntchito yobweretsa phindu, monga kubwereketsa boma, kugula masheya kapena kugula nyumba zochititsa lendi, ndipo phindulo limagawidwa ku maakaunti a mamembala.

Pali mfundo imodzi imene ambiri saidziwa. K30,000 ya boma ija si mphatso ndipo si chifundo cha bwana. Ndi gawo la malipiro a wantchito limene lamulo linalamula kuti lisungidwe. Ikalowa m'thumba ndi yake. Akasiya ntchito m'boma n'kukayamba kubungwe kapena kukampani, ndalama zake sizitayika. Angathe kuzisamutsira ku thumba lina lovomerezeka n'kupitiriza kusonkha.

Koma dongosolo latsopanoli lili ndi mbali yake yolemera. Palibe amene analonjeza namwinoyu kuti adzalandira zakutizakuti. Adzalandira zimene zinasonkhedwa pamodzi ndi phindu lake, atachotsapo zolipirira ntchito yoyendetsa thumba. Zosonkha zikachedwa kufika, phindu la miyezi imeneyo limamudutsa. Thumba likaika ndalama pa malonda olakwika, wotaya ndi iyeyo. Mitengo ya zinthu ikamakwera kuposa phindu limene thumba likupeza, ndalama yake imakula papepala koma mphamvu yake ikuchepa. Chiopsezo chimene kale chinali pa mapewa a boma tsopano chili pa mapewa a wantchito.

Zimene lamulo la 2023 linasintha

Patapita zaka, madandaulo anachuluka. Anthu ochotsedwa ntchito ankavutika ndi njala ndalama zawo zili m'thumba. Opuma ankati gawo limene amapatsidwa nthawi imodzi silikwanira kumanga nyumba kapena kuyamba bizinesi. Mabungwe a anthu apantchito anakweza mawu, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la penshoni limene linayamba kugwira ntchito pa 1 April 2023. Zinthu zitatu ndi zimene zimakhudza membala mwachindunji.

Choyamba ndi ndalama ya nthawi imodzi. Kale munthu popuma ankaloledwa kutenga 40 peresenti. Tsopano angathe kutenga mpaka 50 peresenti. Amene wasunga K20 miliyoni kale akanatenga K8 miliyoni, pano angatenge K10 miliyoni. Yotsalayo imakhala yomulipira pang'onopang'ono, mwina kudzera ku kampani ya inshuwaransi imene imalonjeza kumulipira mwezi ndi mwezi moyo wake wonse, mwina potapa m'thumba momwemo motsatira ndondomeko yoikika. Njira ziwirizi n'zosiyana kwambiri: yoyamba siitha munthu akadali moyo, yachiwiri ingathe kutha. Wopuma ali ndi ufulu wofotokozeredwa zonse ziwiri m'chilankhulo chimene akumva asanasaine chilichonse.

Chachiwiri ndi nthawi yodikira. Munthu amene ntchito yatha ndipo sanapeze ina ankadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti apemphe gawo la ndalama zake. Tsopano amadikira miyezi itatu.

Chachitatu ndi chimene chinasangalatsa ambiri. Membala amene kwamutsalira zaka zisanu kapena zocheperapo kuti apume angathe kupempha mpaka theka la ndalama zake akadali pantchito. Cholinga chake n'choti munthu akonzekere, amalize nyumba kapena agule munda, kuti tsiku lotuluka m'nyumba ya boma lisamupeze alibe kolowera. Koma ndalama yotengedwa lero imachoka pa zomwe akanadzalandira mawa, ndipo imasiya kubala phindu. Amene waitenga kuti amalize denga la nyumba yake wachita zimene lamulo linaganizira. Amene waitenga chifukwa abale amva kuti ilipo adzakumana ndi zaka zaukalamba ali ndi theka lokha.

Lamulo limalolanso kuti ndalama zituluke ngati dokotala watsimikiza kuti munthu sangathenso kugwira ntchito chifukwa cha matenda kapena kulumala, komanso ngati akuchoka m'dziko muno kosabwereranso.

Zonsezi zikunena za amene ali m'mathumba osonkha. Wa dongosolo lakale asaganize kuti naye angangopita kukatenga theka. Iye amayendera malamulo a ntchito za boma okhudza gratuity ndi penshoni.

Kudulidwa si kufika

Mzere wa pa payslip umangosonyeza kuti ndalama yachoka pa malipiro. Susonyeza kuti yafika kuthumba. Lamulo limati wolemba ntchito atumize zosonkha pasanathe masiku 14 mwezi ukatha, ndipo wochedwetsa amayenera kulandira chilango. Ngakhale zili choncho, banki ya Reserve yakhala ikudandaula chaka ndi chaka kuti olemba ntchito ambiri, kuphatikizapo mabungwe ena a boma, ali ndi ngongole ya mabiliyoni a zosonkha zimene sanatumize.

Chida cha membala ndi sitetimenti. Aliyense ali ndi ufulu wodziwa zimene zili pa akaunti yake: zimene iye wasonkha, zimene bwana wasonkha, phindu limene lalowa ndi zimene zadulidwa. Kuifananiza ndi ma payslip a chaka chonse ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mwezi ukasowa, kapena ngati munthu anakwezedwa koma zosonkha zikuonekabe za giredi yakale, alembe kalata nthawi yomweyo. Cholakwika cha chaka chatha chimakonzeka msanga anthu ake akadalipo. Cha zaka 20 zapitazo chimafuna mafayilo amene mwina anadyedwa kale ndi chiswe.

Ambiri amachita mantha kufunsa, poopa kuti mabwana awaona ngati ovuta. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa za ndalama yako si mwano, ndipo palibe lamulo limene limalola kulanga wantchito chifukwa wapempha sitetimenti yake.

Thumba limayendetsedwa ndi matrasti. Awa si eni ndalama. Ndi anthu osungitsidwa chuma cha ena, ndipo lamulo limawalamula kuika patsogolo ubwino wa mamembala, osati wa boma, wa chipani kapena wa iwo eni. Nkhani ya thumba la PSPTF kugula hotela ya Amaryllis mumzinda wa Blantyre inautsa mtsutso waukulu m'dziko muno pa za mtengo wake ndi njira zimene zinatsatidwa. Mtsutsowo unakumbutsa anthu kuti chisankho chimodzi cha matrasti chingakhudze ukalamba wa aphunzitsi ndi anamwino zikwizikwi amene sanakhale nawo pamsonkhanowo. Mamembala ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti matrasti awo ndi ndani, anasankhidwa bwanji, ndalama zaikidwa kuti, ndipo mabuku a thumba anaunikidwa liti. Mabungwe monga Civil Servants Trade Union, Teachers Union of Malawi ndi National Organisation of Nurses and Midwives ali ndi mphamvu yofunsa mafunso amenewa m'malo mwa anthu awo, ndipo mamembala amene amadulidwa ndalama ya bungwe mwezi uliwonse ayenera kuwatuma kutero.

Imfa ikafika pakhomo

Palibe pepala limene limanyozedwa ngati fomu yolembapo odzalandira ndalama mwini akamwalira. Ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito, akadali mbeta kapena mnyamata wosakwatira, n'kulembapo mayi awo ndi mchimwene wawo. Papita zaka 15, pali banja ndi ana anayi, mayi aja anatsikira kuli chete, koma fomu ikadali yomweyo.

M'dongosolo losonkha, ndalama za womwalira sizisakanizidwa ndi katundu wina wamasiye. Matrasti amatsatira zimene mwini analemba. Fomu ikasowa kapena ikakhala yachikale, iwo amayamba kufufuza okha kuti ankadalira malemuyo ndi ndani, ndipo apa ndi pamene mikangano ya akuchimuna ndi akuchikazi imayambira, ana akudikira fizi. Kukonza fomu n'kwaulere. Kumafunika pamene munthu wakwatira, wabereka mwana, banja latha kapena mmodzi mwa olembedwa wamwalira.

Lamulo la penshoni limalamulanso wolemba ntchito kuika antchito ake pa inshuwaransi ya moyo, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Mayi kapena bambo wamasiye azifunsa za ndalama imeneyi padera, chifukwa ndi yosiyana ndi zosonkha. Ndipo abale amene amathamangira kulanda katundu adziwe kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mchitidwe umenewu kukhala mlandu.

Thanzi la wantchito

Penshoni ndi chipatala zimayendera limodzi, chifukwa matenda amodzi aakulu angathe kumaliza ndalama imene munthu anasunga zaka 30.

Malamulo aakulu a dziko, pa gawo 13, amalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo kwa anthu ake. M'zipatala za boma chithandizo chambiri ndi chaulere, koma aliyense amene anagonekapo m'bale wake akudziwa mawu akuti mankhwalawa kulibe, mukagule ku famase. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa, ndipo za anthu wamba zimalipiritsa koposa. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'boma akhala akupempha kwa nthawi yaitali inshuwaransi ya kuchipatala yonga imene anzawo a m'makampani ali nayo kudzera ku MASM ndi mabungwe ena otero. M'zaka zaposachedwapa boma layamba kuyendetsa medical scheme ya antchito ake, momwe boma limalipira gawo lina, wantchito n'kuwonjezerapo lake.

Khadi ya scheme si chitsimikizo choti zonse zalipiridwa. Scheme iliyonse ili ndi malire a ndalama pachaka, zipatala zimene imagwira nazo ntchito, ndi matenda kapena mankhwala amene siilipira. Pali ndalama yotsala imene wodwala amauzidwa kuti alipire yekha, imene anthu amaitcha shortfall. Wantchito amene akudulidwa ali ndi ufulu wopatsidwa zonsezi polemba: ndi anthu angati a m'banja mwake amene angalembetse, ana amachotsedwa akafika zaka zingati, chipatala chapafupi cholandira khadiyo n'chiti, ndipo akadwalira kutali achite chiyani. Funso lomalizali n'lofunika kwambiri kwa mphunzitsi wa kumudzi, chifukwa zipatala zambiri zolandira makhadi zili m'matauni. Si chilungamo kuti wa ku Chitipa kapena ku Nsanje azidulidwa mofanana ndi wa ku Lilongwe pamene chipatala choti agwiritseko khadi chili ulendo wa tsiku lonse.

Pali ufulu wina umene sudalira scheme. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wantchito amene wagwira miyezi 12 tchuthi chodwala cha masabata osachepera anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka, chaka chilichonse, ngati pali kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Uwu ndi mlingo wotsikitsitsa. Malamulo a ntchito za boma angapereke zoposa apa, koma sayenera kutsika. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ali ndi malamulo awoawo.

Wovulala pantchito, kapena wodwala matenda obwera chifukwa cha ntchito yake, amatetezedwa ndi lamulo la chipukuta misozi cha apantchito la 2000. Dalaivala wa ambulansi wochita ngozi ali paulendo wa ntchito, kapena mlangizi wolumidwa ndi galu akuyendera mudzi, adziwitse bwana wake mwamsanga, asunge mapepala a kuchipatala, ndipo nkhaniyo ifike ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Chipukuta misozi chimenechi sichichotsedwa pa penshoni.

Mpata waukulu umene kusintha konseku sikunautseke uli pa tsiku lopuma. Inshuwaransi yodzera kuntchito kawirikawiri imathera pamene malipiro athera. Koma zaka za m'ma 60 ndi pamene BP, shuga, maso ndi mafupa zimayamba kufuna mankhwala a mwezi ndi mwezi. Munthu amatsala wopanda khadi panthawi imene akuifuna koposa. Aliyense woyandikira kupuma afunsiretu ngati scheme yake imalola kupitiriza ndiponso pa mtengo wanji, ndipo aike ndalama ya mankhwala m'masamu ake asanaganize zogula minibasi.

Anzathu achita bwanji

Malawi sali yekha panjirayi. Kenya inayamba dongosolo losonkha la ogwira ntchito m'boma mu January 2021, momwe boma limasonkha 15 peresenti ndipo wantchito amafika pa 7.5 peresenti, pamodzi ndi 22.5 peresenti, pamene kuno ndi 15. Zambia inakhazikitsa lamulo la inshuwaransi ya zaumoyo ya dziko lonse mu 2018, ndipo kudzera ku bungwe la NHIMA wantchito amasonkha 1 peresenti, bwana 1 peresenti. Mu 2023 dzikolo linalola mamembala a thumba la penshoni la NAPSA kutapa 20 peresenti ya zosonkha zawo asanapume. South Africa ili ndi scheme ya kuchipatala ya antchito a boma okhaokha yotchedwa GEMS, ndipo kuyambira pa 1 September 2024 inagawa zosonkha za penshoni m'miphika iwiri, wina wotapamo pa mavuto, wina wosakhudza mpaka kupuma.

Maiko onsewa akulimbana ndi mafunso omwewo amene ali kuno: kodi zosonkha zikukwanira, kodi munthu aloledwe kutapa zingati asanakalambe, nanga akapuma adzamulipirira chipatala ndani. Zitsanzozi zikupatsa mabungwe a apantchito ndi aphungu poyambira pokambirana ngati 15 peresenti ingasunge munthu zaka 20 atapuma.

Kokadandaula

Malamulo aakulu a dziko amaima kumbuyo kwa wantchito. Gawo 31 limamupatsa ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, kulandira malipiro oyenera ndi kulowa bungwe la apantchito. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wa munthu, iyenera kutsatira njira zachilungamo ndi kumupatsa zifukwa polemba. Gawo 37, pamodzi ndi lamulo lopezera uthenga limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limamulola kupempha zikalata zimene ofesi ya boma ikusunga. Choncho yankho lakuti fayilo ikuyenda, mubwere mwezi wamawa, silokwanira pamaso pa lamulo.

Poyambira ndi pafupi: ofesi ya Human Resource ya kuunduna, kukhonsolo kapena kuchipatala kumene munthu amagwira. Dandaulo lilembedwe, likhale ndi tsiku ndi nambala ya ntchito, ndipo wolandira adinde kope imene wodandaula atsale nayo. Mawu apakamwa amaiwalika, koma kalata yodindidwa ndi umboni.

Ngati nkhani ndi ya thumba losonkha, kalata ipite kwa oyendetsa thumbalo. Akapanda kuyankha mokhutiritsa, Registrar of Financial Institutions ku banki ya Reserve amalandira madandaulo a mamembala. Ngati ndi kuchedwa kwa gratuity kapena kusowa kwa fayilo m'maofesi a boma, ofesi ya Ombudsman imafufuza nkhani zotere popanda kulipiritsa. Mikangano ya pakati pa wantchito ndi womulemba ntchito imapita ku khoti la Industrial Relations Court. Opuma kale alinso ndi bungwe lawo la Public Service Pensioners Association, limene limawalankhulira.

Palibe paliponse panjira imeneyi pamene munthu ayenera kupereka kangachepe kuti fayilo yake iyende. Wopempha ndalama kuti afulumizitse penshoni ya mnzake akupalamula mlandu wa ziphuphu, ndipo malo ake okamunenera ndi ku Anti-Corruption Bureau.

Wantchito naye ali ndi mbali yake. Asabise tsiku lake lenileni lobadwa pofuna kutalikitsa zaka za ntchito, chifukwa bodzalo limadzatulukira pa tsiku lowerengera gratuity. Asabwereketse khadi yake ya kuchipatala kwa mnansi, chifukwa chinyengo chotere chimakweza mtengo wa scheme kwa onse. Abale a wopuma amene wamwalira adziwitse boma m'malo mopitiriza kutapa penshoni yake kubanki, chifukwa ndalama yopita kwa akufa imachedwetsa ya amoyo amene ali pamzere.

Boma likuyenera kutumiza 10 peresenti yake m'masiku 14 amene lamulo linaika, kulipira gratuity ya opuma pa nthawi yake, ndi kupeza njira yoti chithandizo cha kuchipatala chisathere pa zaka 60. Matrasti akuyenera kuonetsa mabuku awo kwa eni ndalama. Ndipo wogwira ntchito m'boma aliyense, kaya anayamba chaka chatha kaya kwamutsalira zaka ziwiri, achite zinthu zitatu mwezi uno usanathe: adziwe dongosolo limene alimo, apemphe sitetimenti kapena aone fayilo yake, ndipo akonze fomu ya odzalandira ndalama zake.